Nsalu ya Agogo pa Khosi la Ng'ombe

Agogo anga aamuna, bambo wa mayi anga, ankamwa phala ataimirira. Shuga sankamufuna, ngakhale pa Khirisimasi pamene m'nyumba munkapezeka kapaketi. Ankangotsina mchere, n'kuwaza, n'kukaima pakhomo mbale ili m'manja. Ukawabweretsera mpando ankaukankha ndi phazi.

"Kwathu ku Sikotilandi mwamuna samwa phala atakhala," ankatero.

Ku Sikotilandi kwawoko sanapondeko. Kutali kumene anafikako moyo wawo wonse ndi ku Chipata. Koma ukawamva akufotokoza za mapiri a kumeneko, nkhosa zake ndi kuzizira kwake, unkangoti abwerako dzulo pa minibasi.

Nkhani yake inali yotere. Mayi awo ankaphika m'nyumba ya mzungu wina pa famu ya fodya, nthawi ya atsamunda. Mzunguyo anali Msikochi. Agogo atabadwa, asanayambe n'kukwawa komwe, mzungu uja anagulitsa famu n'kubwerera kwawo. Kalata sanalembe. Anangosiya dzina limene anthu akwathu linkawakanika kutchula, ndi nsalu imodzi. Mayi aja anabereka mwana wawo kumbuyo n'kubwerera kumudzi kwawo cha ku Pembamoyo, ndipo agogo anakulira kumeneko, akudyetsa mbuzi ngati mwana wina aliyense. Atakula anadzakwatira kuno kwathu, cha ku Zingalume, n'kukhala pa chikamwini mpaka imfa.

Nsaluyo inali yaubweya, yolemera ngati bulangete, ya mizere yopingasana, yobiriwira ndi yakuda, ndi kamzere kofiira kopyapyala kodutsa pakati. M'mbali njenjete zinali zitaiboolaboola. Inkakhala m'sutikesi yachitsulo yokhoma ndi loko, pamodzi ndi chivindikiro cha chitini cha mabisiketi chimene anachitola ku Chipata. Pa chivindikiropo panajambulidwa mwamuna wandevu atavala nsalu yonga yomweyo m'chiuno, akuliza chithumba cha zitoliro. Agogo ankaloza n'kunena kuti, "Uyu ndi wa kwathu." Ine ndili wamng'ono ndinkayesa kuti ndi bambo awo enieni.

Anthu a m'mudzi sankawakonda agogo, ndipo sindibisa, nawonso agogo anali ndi pakamwa. Khungu lawo linali lofiirira, lopsa ndi dzuwa, mphuno yayitali, maso ngati a mphaka. Koma ankalima chimanga ndi mtedza ngati aliyense, zidendene zawo zili ming'alu yokhayokha. Ndiye pa mowa anthu ankawaseka.

"Mzungu wanji wa ming'alu? Galimoto mwaiimika kuti, bwana?"

Iwo ankangokweza mphuno ija. "Sekani. Ine bambo anga anali Msikochi. Anu anali ndani?"

Mawu otere kwa eni mudzi, iwe uli mkamwini, sakupezera abwenzi.

Chimene chinaononga zinthu kwambiri ndi mwambo wawo wa chaka chatsopano. Mayi awo anawauza kuti mzungu uja, tsiku loyamba la chaka, ankayendera anzake a m'mafamu atanyamula khala, kuti moto usazime m'nyumba zawo chaka chonse. Agogo anaugwira mwambowo ndi manja awiri. M'mawa wa tsiku limenelo ankatsekula sutikesi, n'kumanga nsalu ija m'chiuno kulekeza m'mawondo, chipewa kumutu, ndodo m'manja, makala m'kathumba. Ankatsina mphuno n'kumang'ung'udza kutsanzira zitoliro zija, akuyenda khomo ndi khomo. Pakhomo paliponse ankaika khala limodzi n'kufuula kuti, "Chaka chabwino m'nyumba muno!"

Inu mukudziwa mmene timaonera ife munthu wosiya kanthu kakuda pakhomo pa mnzake m'mamawa. Ena ankaseka kuti mdala wavala siketi. Koma ambiri sankaseka. Akangodutsa, amayi ankatuluka ndi tsache, kukankhira khala lija kutali osalikhudza ndi dzanja, ena mpaka kuwaza madzi a mchere pakhomo. Agogo ankaziona zonsezo. Chaka chinacho ankabweranso.

Munthu amene zinkamupweteka koposa onse anali mwana wawo woyamba, mlongo wa mayi anga, atsibweni anga. Iwowa anatengera mphuno ya agogo ndi maso omwe aja, ndipo kusukulu anzawo anawazunza nazo mpaka anasiyira panjira. Dzina la Chisikochi lija analitaya atangokula, n'kulembetsa la kuchimayi pa chitupa. Ndinawamvapo kangapo akukalipira bambo awo pabwalo, anthu akumva.

"Munthu anakutayani ngati chitsononkho, inu n'kumamuvinira chaka ndi chaka! Amayi anu anavutika okha, iyeyo akudya mabisiketi kwawo. Ndiye ulemu upite kwa iye?"

Agogo ankayankha mawu amodzi okhaokha: "Anandisiyira nsalu. Munthu wofuna kukuiwala sakusiyira chofunda."

Lero ndili mayi wa ana anayi, ndipo ndikaganiza za mayi awo a agogo aja, atabereka khanda panjira ya ku Pembamoyo, ndimaona kuti atsibweni sankanama. Zimenezo ndimavomera pamaso pa Mulungu. Koma zimene anadzachita pambuyo pake sindinazivomere, ndipo sindikuona tsiku limene ndidzazivomere.

Chaka china agogo anaika khala pakhomo pa atsibweni monga mwa masiku onse. Mwezi wotsatira, mvula ili pakati, khanda la atsibweni linatentha thupi masiku awiri n'kumwalira. Ana ambiri anadwala malungo chaka chimenecho. Koma akazi awo a atsibweni analira maliro akutchula khala. Atsibweni sanawatsutse akazi awo, sanawavomerezenso. Kungoyambira pamenepo agogo sanalowenso m'nyumba ya mwana wawo, ndipo adzukulu awo a khomo limenelo ankathawa akawaona.

Ine sindinkawathawa. Ankanditcha mkazi wawo, monga amachitira agogo ndi mdzukulu wamkazi, ine n'kumawatcha amuna anga. Ndi iwo anandiphunzitsa kuwerenga ndisanayambe sukulu, akulemba pansi ndi nsonga ya ndodo. Ndinalekeza giredi seveni, koma kuti lero ndikutha kulemba izi, ndi dzanja lawo. Ndipo moyo weniweniwu ndinaupezanso kwa iwo. Ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndinadwala chikuku choopsa, maso osatseguka. Bambo anga anali kutali ku ntchito, agogo aakazi anali atamwalira kale, mayi akungolira. Kunja kukucha, mvula ikuwaza, agogo anatsekula sutikesi tsiku losakhala la chaka chatsopano. Anandikulunga m'nsalu ija, kundimangirira kumsana kwawo ngati mzimayi, n'kupalasa njinga m'matope mpaka ku kiliniki ku Chadiza. Zambiri za ulendowo sindikumbuka. Ndimakumbuka kuyabwa kwa ubweya patsaya, fungo la m'sutikesi, ndi kung'ung'udza kwawo kwa m'mphuno kuja, kumene ndinkakumva kukunjenjemera m'msana mwawo. Mulungu anandichiritsa, koma anabwereka miyendo ya agogo.

Atakalamba kwambiri ndinkawaphikira ndine. Tsiku lina masana tikuswa mtedza pansi pa mtengo wa mango, anandigwira dzanja.

"Mkazi wanga, ine suti sindiifuna. Suti ndi ya aphunzitsi. Ndikadzapita, nsalu yanga ipite nane m'bokosi."

"Mwayamba kutsanzika, amuna anga? Mukufuna mundisiye ndi ndani?"

"Usaseke. Ujeni uja adzaiotcha." Mwana wawo sankamutchulanso dzina. "Amayi ako ndi amantha. Ndatsala ndi iwe. Bambo anga sadziwa nkhope yanga. Kumene ndikupitako adzandizindikira ndi chiyani?"

Ndinafuna kuwauza kuti kumwamba anthu sazindikirana ndi nsalu. Koma ndinaona maso aja atadzaza madzi, ndiye ndinangoti, "Ndamva. Ipita nanu."

"Lumbira."

"Akhristu salumbira, agogo. Ndanena kuti ipita nanu."

Anamwalira m'mwezi wa dzuwa loswa mtengo, mvula isanagwe, m'mawa ndikuwatenthetsera madzi osamba. Ndinathamanga kukauza mayi, mayi n'kukauza atsibweni. Abale a agogo a ku Pembamoyo anali atatha, kutsala agogo ena aakazi amodzi, msuweni wawo, ogontha khutu limodzi. Choncho zonse za maliro zinagwera m'manja mwa atsibweni. Amuna analowa m'nyumba kukakonza thupi, ife akazi tinakhala panja. Madzulo ake nditapeza mpata ndinalowa kuchipinda. Sutikesi inali pakati pa chipinda, loko atathyola. Munali chivindikiro cha mabisiketi chokha.

Ndinakawanong'oneza mayi. Anandikoka mpaka kuseri kwa nkhokwe.

"Khala chete, wamva? Dimba lija ukulima kumtsinje anakupatsa ndani? Mwini mbumba ndi mlongo wanga. Ukamuputa, ana ako adya chiyani chilimwe?"

Mayi ankanena zoona. Kwathu minda ya banja amagawa ndi atsibweni. Dimba limenelo ndilo linkandipatsa tomato, repu ndi anyezi zokagulitsa pa msika wa pa boma, ndipo mwamuna wanga, pokhala mkamwini, analibe mawu pa nthaka imeneyo.

M'mawa mwake atsibweni anapita ndi ngolo yawo kukatenga bokosi kwa kalipentala ku Zingalume. Dzuwa litakwera pang'ono tinamva mateyala akulira m'njira. Amayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi anali akuimba, ine ndili pakati pawo ndi kolona m'manja. Nditakweza maso, ndinalekeza nyimbo panjira.

Ng'ombe imodzi ya atsibweni inali ndi chilonda pakhosi, pamene goli limakhula. Pansi pa golilo, pachilonda penipenipo, anali atapindapinda nsalu ya agogo. Kamzere kofiira kaja kankaonekera patali. Ntchentche zinali ng'waa pamenepo.

Ndinadzuka osadziwa kuti ndadzuka. Ndinafika pangolo n'kugwada, poti ngakhale mtima ukuwira, atsibweni ndi atsibweni.

"Atsibweni, nsalu iyo ndi ya agogo."

"Ndikuidziwa kuposa iwe. Lero yapeza ntchito. Zaka zonsezi yangodya malo m'sutikesi."

"Anandiuza kuti ipite nawo m'bokosi."

"Anakuuza iwe? Ndiwe ndani pa maliro ano?" Anatsika pangolo akupukuta thukuta. "Bambo anga ndawavutikira, ndawapezera suti. Apita ngati munthu. Anthu awaseka mokwanira ali moyo, sindilola kuti akawasekenso kumanda atavala siketi ya munthu amene sanawagulire ngakhale kabudula."

Akazi awo anali ataima chapafupi ndi chidebe cha madzi. "Ndipo mukachotsa pang'ombepo, chipite pamoto pamodzi ndi mphasa," anatero. "Chatidyera mwana chimenecho. Chisagonenso m'mudzi muno."

"Apongozi anu ali m'nyumba sanaikidwe, inu mukunena zimenezo?" ndinatero.

"Ona pakamwa pake. Anakulera ndi iwowo, n'chifukwa chake," anatero akazi a atsibweni.

Amuna anabwera kudzanyamula bokosi kulowa nalo m'nyumba, atsibweni ali patsogolo. Wina anamasula ng'ombe, goli n'kugwa pansi, nsalu n'kugwera m'fumbi. Akazi a atsibweni sakanaikhudza ndi dzanja, anapita kukafuna mtengo woti aitolere. Pamene ankabwera, ine ndinali nditaipinda kale n'kuibisa m'kati mwa chitenje, pamimba ngati ndili ndi pakati. Inkanunkha thukuta la ng'ombe ndi mafinya.

Koma kukhala nayo nsalu sikunali kuiika m'bokosi. Thupi la mwamuna amaveka ndi amuna, mkazi salowako. Atamaliza anatulutsa bokosi pabwalo, tinadutsa pamzere kuona nkhope. Agogo anali m'suti yakuda yaikulu kuposa thupi lawo, kolala itafika m'makutu, ngati munthu wobwereka zovala kuti akajambulitse. Atsibweni anaima kumutu kwa bokosi, maso ali pamimba panga. Ndinadutsa osachita kanthu. Kenaka ndinamva hamala. Msomali uliwonse unkalowa ngati ukulowa mwa ine.

Ndinakakhala pansi kumbuyo kwa amayi, ndikuyendetsa kolona. Mumtima ndinkangoti, Ambuye, ndinalonjeza munthu wakufa, ndichite bwanji? Akatekisiti anayamba kukonza buku lawo. Okumba manda anali atatumiza kale uthenga kuti kumanda zatheka.

Apo ndi pamene agogo aja a ku Pembamoyo analankhula. Poti ndi ogontha, amalankhula mokuwa ngakhale akuyesa kunong'ona.

"Kodi mudzi uno ulibe zidzukulu? Nkhalamba yonseyi ipite chetechete ngati khanda? Kwathu bwenzi pano fumbi lili koboo!"

Anthu ena anaseka pang'ono. Kwathu kuno, akamwalira munthu wokalamba amene waona zidzukulu, zidzukuluzo zimaloledwa kusewera pa maliro. Zimavala zovala za malemu, kutsanzira kayendedwe kake ndi kalankhulidwe kake, ngakhale zolakwa zake, kuti anthu aseke pakati pa misozi. Zimatha kukhala pabokosi n'kukana kuti linyamulidwe mpaka eni maliro ataziwombola ndi kanthu, kaya nkhuku. Ndipo mdzukulu akamasewera chotero palibe womukalipira kapena kumukoka, ngakhale akhale ndani. Pa maliro a agogo panalibe amene anaganiza zosewera, chifukwa zidzukulu zina zonse zinakula zikuwathawa.

Ndinayang'ana mayi. Anandiwerenga m'maso, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono. Ndinaganiza za dimba, tomato wanga atayamba kumene kufiira. Ndinaganizanso za msana uja ukunjenjemera ndi nyimbo m'matope a njira ya ku Chadiza. Ndinapsompsona kolona n'kuiika m'manja mwa mayi.

Ndinalowa m'nyumba ya agogo. Chipewa chinali pamsomali, ndodo pakona. Ndinamanga nsalu m'chiuno pamwamba pa chitenje, ndinatapa makala pa mbaula n'kuika m'mbale yawo ya phala. Ndinatsina mphuno, n'kutuluka ndikung'ung'udza.

Bwalo lonse linatembenukira kwa ine. Kenaka mayi wina anaphulika kuseka, n'kugwira pakamwa. Ndinayenda monga ankayendera, chifuwa patsogolo, mphuno kumwamba, mwendo wamanzere ukukoka pang'ono. Panali kampando panjira, ndinakakankha ndi phazi.

"Chotsani ichi! Kwathu ku Sikotilandi mwamuna sakhala pansi!"

Apo ndiye anthu anagwa nacho chiseko, amuna ndi akazi omwe. Bambo wina amene ankawavutitsa agogo pa mowa anafuula kuti, "Galimoto mwaiimika kuti, bwana?"

Ndinamutembenukira ndi ndodo. "Seka, iwe wa mano awiri. Ine bambo anga anali Msikochi. Ako anali ndani?"

Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwee, ndipo sindikudziwa ngati yonse inali ya chiseko. Ndinazungulira bwalo, gulu lililonse ndikuliikira khala patsogolo. "Chaka chabwino m'nyumba muno!" Amayi omwe aja ankasesa makala ndi tsache anangokhala, khala lili pamapazi awo, akuseka mwamanyazi. Akazi a atsibweni okha anadzuka n'kukaima kuseri kwa nyumba.

Khala lomaliza ndinakaliika pamapazi a atsibweni. Chiseko chinazima ngati wathirapo madzi.

Ndinalankhula ndi mawu a agogo, okhuthala, a m'mphuno. "Iwe mwana wanga woyamba. Wandiveka suti ya yani iyi? Ndikuoneka ngati ndikupita kukapempha ntchito ku boma. Nsalu yanga wapatsa ng'ombe. Ng'ombe ndiyo ili ndi bambo ku Sikotilandi?"

Wina anayamba kuseka n'kudzigwira. Atsibweni anandiyang'anitsitsa. Chibadwire changa ndinali ndisanawayang'anepo m'maso, koma tsiku limenelo ndinawayang'ana, ndipo anali maso a agogo enieni, opanda chikondi chawo chokha.

"Zakwana," anatero chapansipansi. "Wasewera, anthu aseka. Vula chimenecho."

Ndinapita pabokosi n'kukhalapo, ndodo ili pamiyendo.

Anyamata onyamula bokosi anaima manja ali lende. Mkulu wina anatuma munthu kukagwira nkhuku, anabwera nayo yoyera n'kuiika patsogolo panga. Ndinaikankha ndi ndodo.

"Nkhuku ndili nazo kwathu."

Anabweretsa mbale ya ufa pamwamba pa nkhukuyo. Ndinapukusa mutu.

"Nanga mukufuna chiyani, agogo?" anafunsa mkulu uja, akutsatira masewerawo.

"Tsekulani nyumba yangayi mundifunditse nsalu yanga. Mukatero ndinyamuka ndekha."

Atsibweni anakuwa. "Muchotseni pamenepo! Mkokeni!"

Palibe anasuntha. Anayang'ana mwamuna wanga, mwamuna wanga anayang'ana pansi. Anayang'ana mayi, mayi anali atatseka maso, kolona yanga ikuyenda m'zala zawo. Atsibweni anayamba kubwera okha, dzanja litatambasuka. Koma agogo a ku Pembamoyo anagogoda pansi ndi ndodo yawo.

"Akuti chiyani? Akufuna amukoke? Mdzukulu sakokedwa pabokosi, bambo inu! Muwomboleni. Simunaikepo nkhalamba m'mudzi muno?"

Amuna akuluakulu anang'ung'udza movomereza. Dzanja la atsibweni linatsika.

Tinakhala choncho nthawi yaitali. Dzuwa linafika pamutu. Ubweya uja unkandiotcha m'chiuno, thukuta likutsika m'miyendo, ntchentche za pachilonda cha ng'ombe zitandipeza. Ana anayamba kulira, anthu ochokera kutali anayamba kuyang'ana kumwamba. Ndipo kutentha kumeneko, thupi la munthu silidikira. Aliyense ankadziwa zimenezo, ine ndemwe ndinakhala pabokosi ndinkadziwa kuposa onse. Mumtima ndinkapepesa agogo.

Akatekisiti anabwera pafupi nane. "Mayi, taganizirani anthuwa."

"Ndawaganizira, aphunzitsi. Misomali ndi isanu ndi umodzi yokha."

Anapita kwa atsibweni, analankhula nawo motsitsa. Sindinamve zonse, ndinangomva kuti, "Ndi nsalu chabe, bambo. Mpingo suletsa munthu kufunda." Okumba manda anatumanso munthu wachiwiri kudzafunsa chimene chikuchedwetsa.

Atsibweni anatola hamala okha. Ndinatsika pabokosi. Anazula misomali umodziumodzi, uliwonse ukulira, ndipo sanalole munthu kuwathandiza. Atakweza chivindikiro anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana kumbali.

Ndinamasula nsalu m'chiuno, ndinaikutumula fumbi. Ubweya wa ng'ombe unali utakakamira, ndi banga la chilonda pakati, panalibe nthawi yochapa. Ndinatembenuzira bangalo kunja kuti lisakhudze thupi, n'kuwafunditsa kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi, suti yonse n'kubisika. Chivindikiro cha mabisiketi chija ndinali nditachisomeka m'chiuno, ndinachilowetsa pansi pa dzanja lawo. Ndinavula chipewa. Mawu a agogo anandithawa, anatsala anga.

"Ndi imeneyo, amuna anga. Yendani bwino. Zikomo pondibereka kumsana."

Apo ndiye ndinalira, kulira kumene ndinali ndisanalire chimwalirireni agogo.

Atsibweni anakhomanso bokosi. Atamaliza anawerama ngati akutola msomali wogwa, n'kundiuza pafupi ndi khutu, kuti ena asamve.

"Wandivula pamaso pa anthu. Kuyambira lero ulibe atsibweni."

Sanadikire n'komwe kuti timete maliro. Patapita masiku atatu ndinapita kudimba ndi ndowa, ndinapeza mpanda wathyoledwa mbali imodzi, ng'ombe zawo ziwiri zili m'kati, ija ya chilonda ikudya repu wanga. Iwo anali ataima pachulu, manja kumbuyo. Ndinatola khasu langa ndi ndowa n'kubwerera. Dimbalo anapatsa mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, munthu wosakhala n'komwe wa mbumba yathu, ndipo mpaka lero ndi amene amalima. Mayi anapitako kawiri kukapepesa m'malo mwanga, anabwerako ndi misozi. Ine sindinapiteko, chifukwa sindikudziwa chimene ndikapepese.

Tsopano ndimalima kadimba kakang'ono kuseri kwa nyumba, madzi ndimasenza kuchokera ku mjigo. Tomato wake sakwana kupita naye ku boma, amangokwana ndiwo. Ana anga sanagonepo ndi njala, ndipo pa chimenecho ndimathokoza Mulungu m'mawa uliwonse. Koma chilimwe chikafika, ndikaona mlamu uja akudutsa ndi madengu a tomato panjinga kuchokera kumtsinje, mtima wanga umachita zimene mtima wa mkhristu suyenera kuchita.

Timapemphera tchalitchi chimodzi ndi atsibweni. Nthawi yopatsana mtendere ikafika, iwo amatembenukira kukhoma. Ine ndimapatsa amene ali pafupi, ndipo kunena zoona ndimathokoza kuti atembenuka, poti sindikudziwa ngati dzanja langa likanatambasuka. Ndinakaulula zimenezi, bambo mfumu anandiuza kuti ndiziwapempherera powatchula. Ndimayesa. Masiku ena ndimafika pakati n'kuona goli lija, ndiye ndimayambiranso.

Chaka chino, m'mawa wa tsiku loyamba, ndinatenga makala m'mbale ya agogo n'kuyenda nawo m'mudzi. Nsalu ndilibe, ndinangovala chitenje changa. Ena amalandira masiku ano, amaseka n'kunena kuti mdala uja wadzuka. Pakhomo pa atsibweni ndinaima nthawi yaitali, chitseko chili chotseka, ndikumva kuti m'kati muli anthu. Ndinaika khala pansi. Mawu a chaka chabwino anakana kutuluka, ndinangochoka.

Ndisanafike n'komwe kwathu, khala lija linandidutsa pafupi ndi khutu n'kugwera pabwalo panga, n'kusweka pawiri. Sindinacheuke kuti ndione waponya. Ndinatola zidutswa zonse ziwiri, ndinaziika pa mbaula, n'kuphikira ana phala. Ndinathira mchere wokha. Wamng'ono analawa n'kukwinya nkhope, akufunsa kumene kuli shuga. Ndinamuuza kuti aimirire, amwe msanga lisanazizire.